KALASI IMAKONZEDWA KUYAMBIRA KUMBUYO

(Mawu amene adayankhula mmodzi mwa aphunzitsi a pa madrasa yathu pa msonkhano wa makolo umene Komiti ya Mzikiti idaitanitsa. Tawaika m'kabuku ka Idi kano monga momwe adayankhulidwira, kuti nawonso amene sadafike amve.)



 Komiti idatipempha kuti tiyankhulepo za ana athu amene ali mu Sitandade 5 mpaka 8 ku sukulu za pulayimale. Ife tidaganiza kuti lero tisiye kaye nkhani ya mayeso ndi ya yunifolomu, chifukwa zimenezo timazikamba kawirikawiri. Tikambe za chipinda chimene mwana amakhalamo kuyambira m'mawa mpaka masana, masiku asanu pa mlungu.

Tiyambe ndi funso. Kodi ndi angati mwa ife amene chaka chino adalowako m'kalasi ya mwana wawo, n'kukhala pamalo pamene mwanayo amakhala? Musakweze manja, tingachititsane manyazi. Ambirife sukulu timaidziwa kunja kokha. Timadziwa mtundu wa malata ake ndi dzina la aphunzitsi aakulu, koma sitidziwa chimene mwana wathu amaona akadzutsa maso kuyang'ana kutsogolo.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

M'chaka cha 1994 boma la a Bakili Muluzi lidathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. Chinali chinthu chabwino, ndipo ena a ife amene tili pano tidaphunzira chifukwa cha chimenecho. Koma m'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana adabwera, koma zipinda, madesiki ndi mabuku sizidabwere pa liwiro lomwelo. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Matopewo tikadapondabe mpaka lero. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma nonse mukudziwa kuti m'sukulu zambiri za kuno kwathu chiwerengerocho chimapitirira.

Tsono Sitandade 5 mpaka 8 ndi malo oterera kwambiri. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro pafupifupi onse amakhala m'Chingerezi. Mwana amene kwawo amayankhula Chiyao kapena Chichewa ayenera tsopano kumva sayansi ndi masamu m'chiyankhulo chachilendo. Zolemba pa bolodi zimachuluka, makope amachuluka, ndipo kumapeto kukudikira mayeso a MANEB a Sitandade 8. Ndi zaka zomwezinso pamene ana amakula: m'kalasi imodzi mumapezeka kamwana ka zaka 10 ndi mnyamata wa zaka 16 womera kale ndevu. Mwana akayamba kutsalira pa msinkhu umenewu sachita phokoso. Amangoyamba kujomba Lolemba, kenako Lachisanu, kenako mumva kuti ali kumsika kapena kunyanja.

MWANA WAKUMBUYO

Tikuuzeni chimene chidatitsegula maso. Pa madrasa pathu padali mnyamata wina, dzina sitimutchula, amene ankagwira phunziro msanga kuposa anzake. Koma kusukulu adali atabwereza Sitandade 6, ndipo bambo ake adabwera kudzatidandaulira. Adati, "Mwalimu, mwanayu kuno mumamutama, nanga bwanji uko ndi mbuli? Kapena ndingomutenga azikandithandiza pa geni?"

Tidapempha chilolezo kwa aphunzitsi aakulu, ndipo m'mawa wina tidapita kukakhala m'kalasi mwake, pambali pake penipeni, mzere womaliza kukhoma. Abale, ifeyo amene maso athu ndi abwino tidalephera kuwerenga theka la zimene zidalembedwa. Bolodi lidali litayera ngati phulusa, ndipo kuwala kochokera pakhomo kunkagwera pomwepo n'kumathobwa m'maso. Mphunzitsi adali wakhama ndithu, ankaphunzitsa ndi mtima wonse, koma mawu ake ankafika kumbuyoko atatha mphamvu. Titayang'ana m'kope la mnyamatayo tidapeza kuti ankakopera kwa mnzake wapambali, amenenso ankakopera kwa wina, zolakwika zomwe. Pambuyo pake kuchipatala adapezanso kuti saona bwino zakutali. Ku madrasa ankakhoza chifukwa buku limakhala m'manja mwake ndipo mphunzitsi amakhala pafupi. Kusukulu, poti ndi wamtali, ankamuika kumbuyo chaka ndi chaka.

Adamusunthira kutsogolo cham'mbali, bolodi lidapakidwa utoto, ndipo chaka chimenecho adakhoza kupita mu Sitandade 7. Sitikunena kuti adasanduka nambala wani, ayi. Tikunena kuti sadapite ku geni.

Kuyambira tsiku limenelo tili ndi lamulo limodzi, ndipo ngati muiwala zonse zimene tikambe lero, ili lokha musaliiwale: kalasi imakonzedwa kuyambira kumbuyo. Amene akukonza chipinda asaime pamene pamaima mphunzitsi. Apite akakhale pamene pamakhala mwana womaliza, adzifunse kuti: kodi ndikuona? Kodi ndikumva? Kodi mphunzitsi angathe kundifika? Mafunso atatu amenewa akayankhidwa, zina zonse zimatsatira.

CHOYAMBA: KUWALA NDI MPWEYA

Zipinda zambiri za sukulu zidamangidwa ndi njerwa zamabowo m'malo mwa mazenera, pofuna kupewa akuba ndi kusweka kwa magalasi. Njerwazi zimalowetsa mpweya koma kuwala kumakhala kochepa, makamaka kukachita mitambo. Mankhwala ake otchipa ndi laimu. Khoma lopakidwa laimu limabweza kuwala, ndipo chipinda chomwecho chimaoneka ngati mwachitsegula denga. Pamene ndalama ilipo, lata limodzi kapena awiri owala aja amasintha zinthu kwambiri. Mabowo a njerwa asatsekedwe ndi mapepala kapena makatoni, ndipo tchire kapena nthambi zophimba mazenera zisadzidwe.

Kuwala kuzichokera m'mbali, osati kutsogolo kumene ana akuyang'ana. Ngati chitseko chikuponya kuwala pa bolodi, ndi bwino kuchitseka theka kapena kulemba mbali ina. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala malata amatentha ngati chiwaya, ndipo mwana amene akuwodzera nthawi ya 11 koloko si waulesi nthawi zonse. Mitengo yamthunzi yobzalidwa chapatali pang'ono ndi khoma imathandiza, ndipo maphunziro ofuna mutu ngati masamu amayenda bwino akakhala m'mawa kusanatenthe.

CHACHIWIRI: BOLODI

Kumene mabuku ndi ochepa, bolodi ndilo buku la kalasi yonse. Bolodi loyera, long'ambika kapena losalala mochita kunyezimira likubera ana tsiku lililonse. Lizipakidwa utoto wake wa bolodi, wosanyezimira, kamodzi pa chaka ngati n'kotheka, sukulu isanatsegulidwe. Lisatsike kwambiri, chifukwa mizere yam'munsi imabisika ndi mitu ya ana akutsogolo.

Mphunzitsi akalemba mzere woyamba apite kumbuyo akauwerenge. Ngati iye akutsinzinira, ndiye kuti zilembo zachepa. Bolodi ligawidwe zigawo: kumanzere tsiku ndi mutu wa phunziro, pakati ntchito ya tsikulo, kumanja mawu atsopano a Chingerezi amene asafufutidwe mpaka poweruka. Mwana wochedwa kulemba asamapikisane ndi dasitala.

Pa bolodi pomwepo tingathe kuyesa maso a ana kumayambiriro kwa chaka. Kuchipatala amaimika munthu pa mtunda wa mamita 6 kuchokera pa tchati cha zilembo. Ifenso tingalembe zilembo zazikulu ndi zazing'ono, mwana aliyense aime pa mtunda womwewo, atseke diso limodzi, awerenge. Uku si kupima kwa dokotala, koma kumatisonyeza mwana woyenera kupita naye kuchipatala.

CHACHITATU: MALO OKHALA

Chizolowezi chathu n'chakuti aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo, basi. Koma kutalika si chinthu chokhacho choyang'ana. Oyamba kupatsidwa malo akhale ana osaona bwino, osamva bwino, ndi ana achialubino, amene nthawi zambiri maso awo amavutika ndi zakutali komanso ndi kuwala kwambiri. Ngati mwana wotere ndi wamtali, akhale kutsogolo koma cham'mbali kuti asatchinge anzake. Mwana wolemba ndi dzanja lamanzere akhale kumapeto a desiki cha kumanzere, kuti zigongono zisamagundane.

Ena onse azisinthana. Mlungu uliwonse mzere wakumbuyo ubwere kutsogolo, ina isunthire m'mbuyo. Motero palibe mwana amene adzakhale kukhoma chaka chathunthu, ndipo sipakhalanso kagulu kaja ka akumbuyo kamene kamadziwa kuti mphunzitsi safikako.

Pakati pa madesiki pakhale tinjira. Ngakhale chipinda chitadzaza chotani, mphunzitsi azitha kuyenda kukafika kwa mwana womaliza ndi kuona m'kope mwake. Tebulo la mphunzitsi likhale pakona, lisatseke bolodi. Pa nthawi yokambirana, ana a desiki yakutsogolo angotembenuka kuyang'anizana ndi akumbuyo kwawo, gulu la ana 5 kapena 6 lapangika popanda kukoka madesiki. M'gulumo musakhale anzeru okhaokha. Ife ku madrasa tidazolowera kale kuti mwana amene wapita patsogolo amamvetsera mnzake akuwerenga, ndipo pomuwongolera iyenso amakhwima. Nzeru yomweyo imagwira ntchito pa masamu ndi pa Chingerezi.

Tsopano za atsikana, ndipo amayi mutimvetsere bwino. Makolo ambiri amafuna kuti anyamata akhale mbali yawo, atsikana mbali yawo. Palibe cholakwika. Koma kugawako kukhale kwa kumanja ndi kumanzere, osati kutsogolo ndi kumbuyo. Mbali iliyonse ikhale ndi mzere wake wakutsogolo, ndipo mphunzitsi aziponya mafunso mbali zonse ziwiri mofanana. Chinanso, kumene madesiki ndi osakwanira, anyamata amphamvu ndiwo amathamangira kukalanda, atsikana n'kukhala pansi. Mtsikana amene wayamba kukula savutika pang'ono kukhala pansi ndi kumadzuka kuyankha funso pamaso pa anyamata. Ambiri amangosankha kukhala chete, ena kukhala kunyumba masiku angapo mwezi uliwonse. Choncho madesiki agawidwe ndi mphunzitsi, asalandidwe, ndipo makalasi a akuluakuluwa aganiziridwe msanga. Magulu a amayi amene ali m'sukulu zambiri amathandiza atsikana pa nkhani zimenezi. Amayi athu, lowanimoni m'magulu amenewa, musangowaonera patali.

CHACHINAYI: MAKOMA AZIPHUNZITSA

Mphunzitsi akatuluka, khoma limatsala. Mwana amene maso ake akuyendayenda apeze chowerenga. Koma tisamate chilichonse ngati golosale. Zofunika ndi zochepa: tchati cha matebulo a kuchulukitsa mpaka 12, miyeso ya mamita, malita ndi makilogalamu, mawu a Chingerezi a phunziro limene lili pakati pamodzi ndi matanthauzo ake, ndi mapu a Malawi osonyeza maboma onse 28, nyanja, mtsinje wa Shire ndi phiri la Mulanje. Zilembo zake zikhale zazikulu zowerengeka kuchokera pakati pa chipinda, ndipo zikhomedwe molingana ndi maso a ana, osati kudenga. Tchati chimene chakhala chaka chonse ana sachionanso, chimasanduka khoma. Mutu wa phunziro ukasintha, nachonso chisinthe.

Pakhalenso malo a ntchito za ana eni ake. Pamene khoma silimata, mangani chingwe kuchokera pa msomali kufika pa msomali, mapepala apanidwe ndi mapegisi ochapira. Pachingwepo pasamakhale ntchito za ana atatu omwe aja okhaokha. Mwana amene mlungu watha adakhoza masamu 2 ndipo lero wakhoza 6, pepala lake likwere. Mudzaona mmene adzabwerere mawa lake.

Musati zimenezi zifuna ndalama zambiri. A Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akuphunzitsa aphunzitsi njira yotchedwa TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Thumba la ufa lochapa bwino limajambulika mapu osang'ambika. Katoni imasanduka wotchi yophunzirira nthawi. Zitsekerero za mabotolo zimaphunzitsa kugawa. Nsungwi yodulidwa mita imodzi ndi botolo la lita imodzi zimaphunzitsa miyeso kuposa mawu. Mbewu za nyemba zomera m'chitini pawindo ndi sayansi ndi ulimi pamodzi. Ndipo pakona pakhale kasitolo ka mapaketi opanda kanthu a sopo, shuga ndi machesi, ndi mitengo yake. Ana athu ambiri ndi a m'mabanja a geni. Mwana amene amabweza chenji pamsika osalakwitsa sayenera kulephera masamu a phindu ndi kuluza chifukwa choti abwera m'Chingerezi.

CHACHISANU: MABUKU NDI POSUNGIRA

Buku limene latsekeredwa poopa kuti lingang'ambike siliphunzitsa munthu. Komanso buku losiyidwa pansi ndi chakudya cha chiswe. Kalasi iliyonse ikhale ndi kabati kapena bokosi lokhoma, lokwezedwa pa njerwa, losagunda khoma. Mabuku akutidwe, alembedwe manambala, ndipo gulu lililonse lidziwe manambala ake. Ana awiri, mnyamata ndi mtsikana, azigawa m'mawa ndi kuwerenga poweruka. Pamene ana atatu akuwerenga buku limodzi, likhale pakati, ndipo wokhala pakatiyo azisinthidwa. Chitseko chokhala ndi loko ndicho chimasunga zonse tatchulazi. Popanda icho, mbuzi ndi anthu odutsa adzaphunzira m'malo mwa ana athu.

CHACHISANU NDI CHIMODZI: DONGOSOLO LA TSIKU

Chipinda chokonzeka chimafunanso chizolowezi. Ndandanda ya maphunziro ikhomedwe poonekera. Ana akalowa apeze kale masamu awiri kapena atatu pa bolodi, ayambe kulemba pamene mphunzitsi akuitana maina. Makope azisonkhanitsidwa mwa magulu, osati aliyense kuthamangira kutsogolo. Malamulo a m'kalasi akhale ochepa, asanu akwana, ndipo ana a msinkhu uwu apangane nawo okha, chifukwa lamulo limene munthu waikapo mawu ake savuta kulisunga. Ndandanda ya kusesa ikhale ya onse. Tsache silidziwa kuti uyu ndi mnyamata. Asanasese awaze madzi kuti fumbi lisabuke, ndipo panja pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa losambira m'manja.

NANGA IFE MAKOLO TICHITEPO CHIYANI?

Mwina wina akuti, "Mwalimu, zonsezi ndi ntchito ya aphunzitsi ndi boma." Zoona, mbali yaikulu ndi yawo. Koma mphunzitsi mmodzi wa ana ochuluka chotere sangakhalenso kalipentala, mmisiri wa utoto ndi telala. Mutu umodzi susenza denga. Tikayang'ana m'bwalo lino tikuona akalipentala, amisiri omanga, atelala ndi eni magolosale. Madesiki ambiri amene aunjikidwa kuseri kwa sukulu sadafe, angofuna misomali ndi thabwa limodzi.

Tsono pempho lathu kwa Komiti ndi ili. Choyamba, tisankhe anthu anayi, amayi awiri ndi abambo awiri, apite kwa aphunzitsi aakulu ndi Komiti ya Sukulu mwaulemu, osati ngati ofufuza milandu, akafunse chimene chikusowa m'makalasi a Sitandade 5 mpaka 8. Akaloledwa kulowa, akakhale mzere womaliza. Chachiwiri, tipatule Loweruka limodzi teremu isanayambe, tipite ndi laimu, utoto wa bolodi, misomali ndi loko. Tiyambe ndi chipinda chimodzi, tichimalize bwinobwino. Tsokonombwe adatha mtunda n'kulumpha. Chachitatu, eni magolosale atisungire makatoni, matumba ndi mapaketi opanda kanthu. Ndipo tikumbuke kuti m'chipindamo simukhala ana athu okha. Bolodi tikalipaka, adzaliona ana a mudzi wonse, a mipingo yonse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kunyumbanso kuli kalasi yaing'ono. Mwana amene wachoka kusukulu, wapita ku madrasa, watunga madzi, amafunika ka malo kake ndi nyali kwa ola limodzi madzulo, wailesi ndi foni zitakhala chete. Ifenso a madrasa tikulonjeza kuti ana a Sitandade 8 tiziwamasula msanga mayeso akayandikira.

Pomaliza, pa masiku ano a chisangalalo ana athu avala zatsopano ndipo akuyenda khomo ndi khomo. Chikondwerero chikatha, mwana akabwera kuchokera kusukulu, musangomufunsa kuti, "Wakhoza zingati?" Mufunseni kuti, "Kodi iwe umakhala pati m'kalasi? Pa bolodi umaona? Aphunzitsi akamayankhula umamva?" Yankho lake likakudabwitsani, m'mawa mwake valani nsapato mupite naye limodzi.

Pamene talakwitsa mutikhululukire. Tikufunirani nonse Idi yabwino, inu ndi mabanja anu.